Tsiku limene Hulk Hogan anavala zakuda

Lero mundikhululukire, pakuti nkhani yanga yachokera kumalo kumene simungayembekezere kupezako mkulu wa mpingo. Lachinayi pa 24 Julaye 2025, ku Clearwater m'chigawo cha Florida, kunamwalira Terry Bollea, amene dziko lonse linkamudziwa ndi dzina la Hulk Hogan. Anali ndi zaka 71. Anandiuza ndi mdzukulu wanga, ndipo anadabwa kuona agogo ake atakhala duu nthawi yaitali.

Anzanga amsinkhu wanga mukukumbuka kuti dziko lathu linalibe wailesi yakanema yakeyake mpaka mu 1999. Masewera ogwetsana tinkaonera pa matepi a vidiyo, kunyumba kwa mnzathu wina wa ku ofesi, ndipo matepiwo ankatipeza nkhani itazizira kale. Pa tepi yotere ndi pomwe ndinaona Hogan akunyamula chimphona chija André the Giant n'kuchimenyetsa pansi, pa WrestleMania III ya mu 1987. Ankavala zofiira ndi zachikasu, ndipo ankalangiza ana kuti azilimbitsa thupi, azipemphera ndi kumwa mavitamini. Ine, bambo wa ana aang'ono nthawi imeneyo, ndinkati munthu ndi ameneyu.

Kwa inu amene simutsata masewerawa, dziwani kuti wopambana amasankhidwa ndi eni kampani anthu asanalowe m'bwalo. Kugwa ndi kwenikweni, mafupa amathyokadi, koma chidani n'cholemba. Wina amapatsidwa khalidwe loti azikondedwa, wina loti azidedwa, ndipo chikoka chikayamba kuchepa amawasinthanitsa. Chidanicho ndiye katundu amene akugulitsa.

Udani weniweni unali pakati pa eni ndalama. Mbali ina kunali WWF ya Vince McMahon, imene lero ikutchedwa WWE. Mbali ina WCW ya Ted Turner, amene anali mwini wake wa CNN nthawi imeneyo. Mu 1994 Hogan anawolokera ku WCW, ndipo mu Sepitembala 1995 kampaniyo inayamba kuonetsa pulogalamu yake ya Nitro Lolemba usiku, nthawi yofanana ndi Raw ya WWF. Koma anthu anali atayamba kutopa ndi zofiira ndi zachikasu zija. Malangizo omwewo, mathero omwewo. Ena anayamba kumukuwiza. Ndiye pa 7 Julaye 1996, ku Daytona Beach, Scott Hall ndi Kevin Nash, amene anali atangochoka ku WWF ndipo ankasewera ngati adani odzalanda mudzi, analonjeza kuti ali ndi mnzawo wachitatu. Nkhondo ili mkati, Hogan anatulukira. Khamu linakuwa poganiza kuti mpulumutsi wafika. Iye analowa m'bwalo n'kugwetsera mwendo wake pa Randy Savage, mnzake, ali chigonere. Anthu anaponya zinyalala mpaka bwalo linadzaza. Posakhalitsa anavala zakuda ndi zoyera, nadaya ndevu, nakhala mtsogoleri wa gulu la nWo. M'nyengo imeneyo WCW inaposa WWF pa chiwerengero cha oonera kwa masabata 83 otsatizana.

WWF inabwezera ndi Steve Austin, munthu womwa mowa poyera ndi wotukwana bwana wake. Ameneyu anatchuka atagonjetsa Jake Roberts, yemwe ankasewera ngati mlaliki, n'kunyoza Yohane 3:16 poikapo dzina lake. Malaya olembedwa zimenezo anagulidwa ngati mandasi, ndipo ine mpaka lero ndikawaona pa kaunjika ndimayang'ana kumbali. Khamu linamukonda koposa. Mu Malichi 2001 McMahon anagula WCW, mpikisano n'kuthera pomwepo.

Pa 1 Malichi 2025 ku Toronto, John Cena naye anatembenukira Cody Rhodes patatha zaka zoposa 20 akusewera ngati wabwino. Mdzukulu wanga uja anakana nsima. Ndinamuseka, n'kumuuza kuti: "Iwe, ndi sewero limenelo. Ine ndinalira kale maliro amenewo mu 1996." Ndinadziona wanzeru tsiku limenelo.

Sindinamuuze za 2015. M'chaka chimenecho kunatuluka mawu amene anajambulidwa mobisa zaka zingapo m'mbuyo, Hogan akunena za ife anthu akuda ndi liwu lija lachipongwe, pokamba za mwamuna amene ankayenda ndi mwana wake wamkazi. Panalibe wolemba sewero pamenepo, panalibe khamu loti alikwiyitse kuti matikiti agulidwe. Anali munthu m'chipinda, akuganiza kuti palibe akumumva. WWE inamuchotsa, iye anapepesa, mu 2018 anamubwezera pa mndandanda wa akatswiri olemekezeka. Mu 1996 ndinakwiyira chovala. Mu 2015 ndinachita manyazi, pokumbukira kuti ndinkamuloza kwa ana anga ngati chitsanzo, pamene iye akanawaona pakhomo pake akanawatcha dzina limenelo.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa. Mu Disembala 2023 Bollea anabatizidwa ku Indian Rocks Baptist Church, komweko ku Florida. Zithunzi zinayenda pa Facebook, iye atavala zoyera, akutuluka m'madzi akumwetulira. Ndikuululireni ganizo langa loyamba: ndinati asinthanso chovala, tione kuti akugulitsa chiyani. Ine amene ndakhala m'seshoni zaka zambiri, kumvetsera abale odulidwa akupempha kubwezeretsedwa. Ine amene ndadzudzulapo akulu anzanga pofuna kufufuza mtima wa munthu kupyola zimene wavomereza ndi pakamwa pake. Kwa mlendo wakutali uyu ndinakana chimene ndimapereka kwa anansi Loweruka lililonse la seshoni.

Ndadzifunsa chifukwa chake. Mwina ndi bala la 2015 limene silinapole. Koma ndikuganiza kuti ntchito yake yomwe inamutchera msampha. Munthu amene wakhala zaka 40 akulapa ndi kugwa molamulidwa ndi eni kampani, ndipo akuchita bwino kwambiri moti amuna aakulu ankaponya zinyalala, tsiku limene adzalankhule zochokera mumtima adzagwiritsa ntchito nkhope yomweyo ndi mawu omwewo. Luso limene linamulemeretsa linamulandanso mboni. Pa 6 Januwale 2025, pamene Raw inayamba kuonetsedwa pa Netflix, anatulukira pamaso pa khamu ku California, n'kukuwizidwa kwambiri. Palibe amene analemba kuti zitero. Ndinaonera kachidutswa kake pa foni: nkhalamba yoyenda movutika, msana utachitidwa maopaleshoni ambiri, ikuyesa kumaliza mawu ake phokoso likuikwirira. Sindinasangalale monga ndinkaganizira.

Madzulo a tsiku la uthenga wa imfa yake, mdzukulu wanga anandifunsa kuti: "Agogo, ndiye anali wabwino kapena woipa?" Ndinamufunsa kuti akunena uti, Hogan kapena Bollea. Anandiyang'ana ngati ndikumuzemba, ndipo zoona ndinkamuzemba. Ndinamuuza kuti abweretse foni. Tinapeza nkhondo ija ya mu 1987, zithunzi zake zosaoneka bwino ngati za pa tepi ya mnzanga uja, ndipo pamene André anagwa, ndinapezeka kuti ndaimirira.