Nkhokwe yozizira ya ku Kolyma yayamba kudontha

Kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Russia, m'chigawo cha Yakutia, kuli mtsinje wa Kolyma umene umathira m'nyanja ya Arctic. Chakufupi ndi mathiriro ake kuli katauni kotchedwa Chersky. Kumeneko m'mwezi wa Disembala dzuwa silituluka kwa masabata angapo, kuzizira kumafika madigiri 40 pansi pa ziro, ndipo mtsinje umaundana mpaka magalimoto amayenda pamwamba pake ngati pamsewu.

Chodabwitsa chenicheni chili pansi pa mapazi. Nthaka ya kumeneko ndi youndana chaka chonse, ndipo akatswiri amaitcha permafrost. M'miyezi yotentha imasungunuka pamwamba pokha, pansi pake n'kukhalabe gwa ngati mwala. N'chifukwa chake nyumba zikuluzikulu amazimanga pa zipilala, kuopa kuti kutentha kwa m'nyumba kungasungunule maziko.

M'chigwa cha Kolyma muli dothi lamtundu wake lotchedwa yedoma. Linaunjikana zaka masauzande ambiri zapitazo, m'nthawi imene njovu zaubweya zotchedwa mammoth zinkadya msipu kumeneko. Mizu ya udzu, ndowe ndi mafupa zinakwiririka n'kuundana zisanawole. Pagombe la Duvanny Yar, pomwe mtsinje umagumula dothili, mafupa amachita kuonekera poyera. M'chaka cha 2012 asayansi a ku Russia analengeza kuti ameretsa duwa kuchokera ku zipatso zomwe agologolo anabisa kumeneko zaka zoposa 30,000 zapitazo. Mu 2023 ena anafotokoza za kanyongolotsi komwe kanatsitsimuka katagona m'dothilo zaka 46,000. Pamenepa mutha kuona kuti kuzizira kumasunga zinthu popanda kuziwononga.

Tikati nkhokwe, tikunena zimenezi. Dothi loundana la kumpoto kwa dziko lonse lasunga matani pafupifupi 1,500 biliyoni a kaboni, kuwirikiza kawiri amene ali mumlengalenga lero. Tsono dera la Arctic likutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse, ndiye nkhokweyo yayamba kudontha.

Amene amauluka pa ndege pamwamba pa chigwachi amaona tinyanja tambirimbiri tamwazikana ngati nthomba. Timayamba motere: ayezi wa m'dothi akasungunuka, nthaka imatitimira ndipo madzi amadikha pamenepo. Madziwo amasunga kutentha, n'kusungunula dothi la pansi ndi la m'mbali, magombe n'kumagumukira momwemo, mitengo n'kumagwera m'madzi. Pansi pa nyanja yakuya matope saundananso, ngakhale kunja kuzizire chotani.

M'matope amenewa ndi momwe muli eni ntchito, tizamoyo tosaoneka ndi maso tamitundu yosiyanasiyana, ndipo timagawana ntchito. Mabakiteriya amayamba kuphwanya mizu ndi ndowe zakale zija. Zotsala zawo zimadyedwa ndi gulu lina lotchedwa archaea, lomwe limakhala kopanda mpweya wa okosijeni ndipo limatulutsa mpweya wa methane. Gulu limeneli si lachilendo kwa ife, chifukwa abale ake ali m'mimba mwa ng'ombe, m'matope a m'dambo, ndi m'maenje a ndowe opangira gasi wophikira. Pamwamba pa matope pali gulu lachitatu lomwe chakudya chake ndi methane yemweyo, ndipo limamusandutsa kaboni dayokisaidi. Kuchuluka kwa methane wofika mumlengalenga kumadalira kuti pakati pa opanga ndi akudya akupambana ndani. Vuto n'lakuti methane akachuluka amakwera ngati thovu, mwaliwiro, akudyawo n'kungosiyidwa kukamwa yasa.

Mayi Katey Walter Anthony a ku yunivesite ya Alaska Fairbanks anayeza thovu limeneli m'nyanja za kufupi ndi Chersky, mothandizana ndi bambo Sergey Zimov, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya Nature mu 2006. Anapeza kuti methane wambiri amatuluka m'mbali momwe magombe akugumuka, ndiponso kuti kaboni wake ndi wakalekale, wa nthawi ya mammoth. Nyanja zikaundana thovulo limatsekeredwa mu ayezi, moti munthu akaboola n'kuyatsa machesi, lawi limabuka pamwamba pa madzi oundana. Pa zaka 20, methane amagwira kutentha kuposa kaboni dayokisaidi pafupifupi ka 80.

Anthu sanangopinda manja. Kufupi ndi Chersky, bambo Zimov ndi mwana wawo Nikita akuweta akavalo, njati ndi nyama zina pamalo otchedwa Pleistocene Park. Maganizo awo ndi akuti nyamazo zikamaponda chipale chofewa, chomwe chimafunda nthaka ngati bulangete, kuzizira kumalowa pansi ndipo dothi limakhalabe loundana. Koma malowa ndi kadontho chabe poyerekeza ndi kukula kwa Siberia.

Owerenga anzanga, mpweya suimitsidwa pachipata cha dziko. Methane wa ku Kolyma amasakanikirana ndi mpweya wa dziko lonse, ndipo dziko likamatentha, mvula yamkuntho imagwa mwamphamvu kuposa kale. Ife amene tinaona namondwe wa Freddy m'Malichi 2023 tikudziwa tanthauzo la mawu amenewa. Fakitale boma litha kuitseka ndi lamulo, koma tizamoyo ta m'matope sitimva lamulo la munthu. Chotiletsa n'kuzizira basi, ndipo kuzizirako kudzasungika pokhapokha mayiko otentha malasha ndi mafuta ambiri atachepetsa utsi wawo nthawi isanathe.