Tinkati ndi ulesi

Tinapita atatu kwa Kalembo, m'boma la Balaka, kukayeserera ntchito ya uphunzitsi. Aphunzitsi aakulu atatipatsa timu ya atsikana ya mpira wamanja, tinafuna kuonetsa khama. Masiku okonzekera tinawachulukitsa, kuchoka pa awiri kufika pa asanu pa sabata. Munali mu Okutobala, bwalo litauma gwa, ana ambiri akusewera opanda nsapato.

Sabata yachitatu, mtsikana wathu womwetsa zigoli anayamba kutsimphina. Ankati kumbuyo kwa chidendene kukumuwawa, makamaka akangodzuka m'mawa. Koma akathamanga pang'ono ululuwo unkachepa, n'kusewera bwinobwino. Tinagwirizana kuti ndi ulesi chabe. "Iwe, limba mtima," tinkamuuza choncho.

Kenako anajomba masiku atatu, atalephera kuyenda ulendo wa kusukulu. Kwawo ankaganiza zomutemera mphini, koma amalume ake anati ayambe waonedwa kuchipatala. Mmodzi wa ife anawaperekeza.

Dokotala wa mafizo anamugoneka chafufumimba n'kumufinya katumba. Phazi linagwedezeka, kusonyeza kuti mtsempha wa Achilles, womwe umalumikiza katumba ndi chidendene, sunaduke. Atautsina chapamwamba pang'ono pa chidendene, mwana anakuwa. Unali utatupa chifukwa chouchulukitsira ntchito mwadzidzidzi. Kuchepa kwa ululu thupi likatenthedwa, komwe ife tinkati ndi umboni wa bodza, ndiye chinali chizindikiro cha vutolo.

Sanamubaye jekeseni, komanso sanamuuze kuti azingogona. Anamuletsa kudumpha, anati azivala nsapato yokwererako kuchidendene, ndipo anamuphunzitsa mafizo: kuima ndi zala m'mphepete mwa sitepe, kunyanyamphira ndi miyendo yonse, kenako kutsitsa chidendene chodwalacho pang'onopang'ono. Azichita maulendo 15 katatu, m'mawa ndi madzulo, kwa masabata 12. Njirayi anaitchukitsa mu 1998 ndi dokotala wa ku Sweden, Håkan Alfredson.

Mpikisano unamupita. Ife tinachoka masabata 12 asanakwane, tinamusiya akuchitira mafizo ake pa sitepe ya kalasi, anzake akumuwerengera mokweza. Potsanzikana tinapepesa, iye anangoseka n'kuti, "Palibe kanthu, madamu." Mawuwo anatilasa kuposa kutidzudzula.

Anzathu ophunzira zauphunzitsi, ambiri a ife tikakayamba ntchito adzatipatsa wezulo popanda kutifunsa ngati timalidziwa thupi la mwana. Tiziwonjezera masewera pang'onopang'ono. Ndipo mwana akati pakuwawa, tiyambe tamufunsa kuti pati, ndipo payamba liti.