Kanema Wakale ndi Masewera Oopsa

Pali masewera ena amene sachitikira pabwalo ndipo safuna mpira. Anthu anayi kapena asanu amakhala mozungulira tebulo, mmodzi n'kuyamba kusimba nkhani. Kusiyana kwake ndi nthano za agogo n'kwakuti omvera sangoyankha kuti "Tili tonse". Aliyense amakhala mmodzi wa anthu a m'nkhanimo, ndipo amanena yekha chimene achite. Zikafika pokayikitsa, monga kuthyola chitseko kapena kuthawa chilombo, amaponya madayisi, timiyala tolembedwa manambala, ndipo timeneti ndi timene timagamula.

Mwa masewera otere, ine ndimakonda otchedwa Call of Cthulhu. Adawakonza ndi Sandy Petersen, ndipo kampani ya Chaosium idawatulutsa mu 1981. Gwero lake ndi nkhani zoopsa za H. P. Lovecraft, choncho zambiri zimachitika ku America m'zaka za m'ma 1920. M'masewerawa munthu sapambana ndi mphamvu za thupi. Akaona zosayenera kuonedwa nzeru zake zimayamba kuchepa, mpaka tsiku lina amapenga.

Ntchito yanga patebulo ndi yosimba. Tsono ndingawaopse bwanji anzanga ndi dziko limene tonsefe sitidakhalemo? Ndikangoti "mwafika panyumba ina usiku", aliyense amaona m'maganizo mwake nyumba ya masiku ano, ya magetsi, foni ili m'thumba. Munthu wotero sachita mantha, pakuti akudziwa pothawira. Apa ndi pamene ndimatembenukira kwa kanema.

Ambiri amaganiza kuti kanema woyenera kuonera ndi woopsa. Indedi, Nosferatu, amene F. W. Murnau adapanga mu 1922, adandiphunzitsa kanthu: chithunzithunzi cha mzukwa chikukwera makwerero pakhoma chimaumitsa thupi kuposa mzukwa weniweniwo. Chichokereni pamenepo sindifulumira kutchula chilombo. Ndimatchula fungo, kapena galu amene wangoti zii pakati pa kuuwa. Komabe akanema amene amandithandiza koposa alibe mzukwa ngakhale umodzi.

Taganizirani za Safety Last! wa mu 1923, kanema woseketsa amene Harold Lloyd amalendewera pa wotchi ya nyumba yosanja ku Los Angeles. Anthu amaseka naye Lloyd, koma ine maso anga amakhala pansi, mumsewu. Magalimoto ali mmenemowo ndi enieni a chaka chimenecho, zipewa za anthu odutsa nazo n'zenizeni. Palibe adaziyala pofuna kutikumbutsa zakale. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndimaimitsa kanemayo, kubwereza, n'kulemba m'kope tinthu ting'onoting'ono.

Tinthu timeneti ndi timene timasanduka mantha. Magalimoto ambiri a Ford Model T ankalizidwa ndi chitsulo chopukusa kutsogolo, ndipo chikabwerera mwamphamvu chinkatha kuthyola munthu dzanja. Ndiye kuti wofuna kuthawa ayenera kutuluka, kuima mumdima, kufulatira tchire, n'kuyamba kupukusa. Foni nayo inkadzera mwa munthu wolumikiza mawaya kutali. Nanga mawu amene akuyankhawo akapanda kukhala ake? Mpaka m'zaka za m'ma 1930 mafamu ambiri a ku America adalibe magetsi. Izi zokha sizichita kufuna kufotokoza kwambiri, chifukwa aliyense amene adawerengapo pa nyali ya parafini amadziwa pamene kuwala kwake kumathera, ndi mdima wa bii umene umayambira pomwepo.

Akanema opangidwa pambuyo pake pofuna kukumbukira nthawiyo ndimawaonera mosamala. The Untouchables wa mu 1987 amaonetsa bwino Chicago wa Al Capone, pamene lamulo lidaletsa mowa kuyambira mu 1920 mpaka mu 1933, ndipo m'menemo ndidapezamo apolisi okonda ziphuphu amene osewera anga sangawathamangire. The Great Gatsby wa mu 1974 ndi wokongola, koma wayera mopitirira. Malaya onse ndi ositidwa, ndipo palibe amene akuoneka kuti wagona ndi njala.

Chimene akanema oterewa amakonda kudumpha ndi chimene chimatikhudza ife okhala patebulo langa. Lovecraft adali munthu watsankho, ndipo kunyoza kwake anthu akuda kumaoneka poyera m'zolemba zake. Mnzanga akasankha kukhala dokotala wachikuda mu 1925, kodi ndinamizire kuti hotela iliyonse imulandira? Yankho ndidalipeza kwa Oscar Micheaux, munthu wakuda amene mu 1920 adatulutsa Within Our Gates. Kanemayu amaonetsa chigulu cha azungu chikupachika mwamuna ndi mkazi wake popanda mlandu kuzengedwa, ana akuonerera ngati ali pachikondwerero. Nkhani zolemera chotero sindizibweretsa patebulo tisanagwirizane tonse, pakuti si zoseweretsa. Koma tikagwirizana, masewera amasintha. Dokotala uja akaona chachilendo m'chitsime cha pafamu, amayamba wadzifunsa kuti akanene kwa yani, m'tauni imene anthu a khungu lake saloledwa kupezekamo dzuwa likalowa. Nthawi zambiri amasankha kubwerera kuchitsime yekha, nyali ili m'manja.