Must ndi should si mawu amodzi

Ndikamawerenga Debian Policy Manual, buku la malamulo okonzera mapakeji a mapulogalamu a Debian, maso anga amakhala pa mawu atatu: must, should ndi may. Ambirife tinawasiya m'kalasi ya galamala ku sekondale, koma ku Debian mawuwa ndi amene amagamula ngati ntchito ya munthu ifike kwa ogwiritsa ntchito kapena ayi.

Taonani chitsanzo. Pa fayilo yofotokoza umwini ndi laisensi ya pakeji, lamulo likuti must. Fayiloyo ikasowa, vutolo limaikidwa m'gulu la serious, ndipo pakejiyo ikhoza kutsalira Debian yatsopano ikamatuluka. Pa man page, tsamba lofotokoza kagwiritsidwe ntchito ka pulogalamu, lamulo likuti should. Kusowa kwake ndi vuto ndithu, koma sikutsekereza pakeji.

Ine ndimaona kuti kusiyanitsa kotereku n'kulemekeza anthu. Osamalira mapakeji ambiri ndi ongodzipereka, amagwira ntchitoyi pa nthawi yawo yopuma. Chilichonse chikakhala must, atopa, ayamba kunyalanyaza ngakhale malamulo ofunikadi. Chilichonse chikakhala should, palibe chomwe ungamugwire nacho munthu. Akatswiri a intaneti nawonso anaona vutoli, mpaka mu 1997 analemba chikalata cha RFC 2119 chongomasulira mawu oterewa.

M'Chichewa mpovutirapo, chifukwa "ayenera" amanyamula zonse ziwiri. Choncho inu amene mukulemba malamulo a pulojekiti yanu, musanalembe "ayenera" dzifunseni kuti: munthu akapanda kuchita, chimuchitikire n'chiyani? Yankholo mulilembe pomwepo.