Madimba a ku Nottingham Pakutha pa Nyengo Yozizira

Mlendo wofika ku Nottingham, mzinda wa pakati pa dziko la Mangalande, akayenda pang'ono kucokera pakati pa tauni amapeza citunda ca St Ann's. Pamenepo pali madimba oposa 600 pa malo a maekala 75, ndipo dimba liri lonse liri ndi mpanda wace wa zitsamba ndi kacitseko kace. Anayamba kuwagawa m'zaka za m'ma 1830, ndipo kufikira lero anthu akulimamo. Madimba otere, amene eni dziko amawachula kuti allotment, ali m'mizinda yonse ya kumeneko. Munthu sagula malowo. Amabwereka, nalipira lendi pa caka.

Mwambo umenewu uli ndi malamulo ace. Lamulo la 1908 linalamula makhonsolo kuti azipatsa anthu malo olima akawapempha, ndipo la 1922 linanena kuti zokolola zikhale makamaka ndiwo ndi zipatso zodyera banja. Nkhondo itabuka mu 1939, boma linalimbikitsa anthu kulima, kotero kuti pofika 1943 madimba anaposa miliyoni imodzi. Masiku ano dimba lathunthu limakhala ngati masikweya mita 250, ndipo m'mizinda yambiri munthu amalembetsa dzina nadikira zaka asanaitanidwe.

Abale athu ambiri a ku Zambia ndi ku Zimbabwe okhala ku Britain amalembetsa nawo, pofuna repu, cibwabwa ndi cimanga coyera ca mondokwa. Koma wolandira makiyi m'mwezi wa Febuluwale asayembekeze munda wokonzeka. Kawirikawiri amapeza chire lokhalokha, popeza mwini wakale anatopa nasiya. Ndipo akuluakulu a madimba amayendera. Akaona kuti malo sakulimidwa, amalemba kalata yocenjeza, pambuyo pace amalanda napatsa wina. Zaka zonse zodikira zija zikhoza kutayika m'miyezi yocepa.

Nchito yoyamba ndiyo kusosa. Zitsamba za minga za bramble amazidula ndi kuzula zitsa zace, ndipo mipanda amaisadza Malichi asanafike, pakuti kuyambira pamenepo mbalame zimamanga zisa, ndipo lamulo la 1981 liletsa kuononga cisa cimene ciri ndi mazira kapena ana. Mdani wamkulu ali pansi: udzu wa couch, wofanana ndi kapinga wathu, ndi ciyangayanga ca bindweed. Kacidutswa kali konse ka muzu kotsala m'nthaka kamaphukanso. Cifukwa cace alimi ozolowera safuna makina otipula pa dimba latsopano, popeza amangoduladula mizu nacurukitsa udzu. Amagwira foloko ndi kutola mizu ndi manja.

Anzeru sayesa kumaliza dimba lonse caka coyamba. Amakonza mbali imodzi, yotsalayo naifunditsa ndi makatoni kapena pulasitiki wakuda, kuti udzu ufe posowa kuwala. Ena satipula konse. Amayala makatoni, nathira manyowa oola pamwamba, nabzala momwemo. Njira imeneyi waifalitsa kwambiri mlimi Charles Dowding. Amasamalanso kuti asaponde dothi likadali lonyowa. Matope akamamatira ku nsapato, ndiye kuti tsiku limenelo si lolima, pakuti dothi la makande lopondedwa limagwirana, ndipo likauma limalimba ngati njerwa.

Pa masiku otere pali nchito zina. Amakhoma khola la manyowa ndi matabwa akale, nakonza kanyumba ka zida, naika mgolo wolandira madzi a padenga. Dzuwa limalowa ca m'ma 17 koloko, ndiye zotsala amacitira kunyumba. Mbeu ya mbatatesi amaiyala m'mathileyi a mazira pa zenera, maso ali m'mwamba, kuti itulutse mphukira zazifupi zolimba. Ambiri amatsata mwambo wakale wobzala pa Lacisanu Loyera. Adyo ndi nyemba zazikulu za broad bean sizimaopa kuzizira, ndiye zimalowa m'nthaka msanga, pamodzi ndi timitengo ta zipatso tisanaphukire.

Apa m'pamene munthu wakwathu ayenera kudziletsa. Ife tinaleredwa kuyang'ana mitambo: mvula ikagwa, khasu m'manja. Kumeneko mvula siisowa m'nyengo imeneyi; cimene amaopa ndi cisanu ca usiku, cimene cikhoza kubwera mpaka pakati pa Meyi. Maungu, cimanga, tomato ndi nyemba zathu zimapsa usiku umodzi wokha. Mbeu zimenezi amazifesa m'tizitini m'nyumba m'mwezi wa Epulo, nazitulutsa pakutha pa Meyi. Cimanga coyera ca kwathu cimafuna nyengo yaitali yotentha, kotero wocedwa kufesa amafika Okutobala ngala zisanakhwime.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ku St Ann's mwambi umenewu umagwira pawiri, popeza nkhono za kumeneko zimamaliza mbande za repu usiku umodzi, ndipo mlimi amazisaka ndi toci kukada. Inu amene muli ndi ana kapena abale ku Britain, akakuuzani kuti alandira dimba, musawafunse msanga za cimanga. Afunseni ngati azula mizu, ngati apeza manyowa, ndiponso ngati apatsana moni ndi nkhalamba ya dimba loyandikana nalo, pakuti iyo ndiyo idziwa tsiku limene cisanu cimatha pa citunda cimeneco.