Za Galimoto Yolemera Ponyamuka

Masiku ano midzi yathu yazolowera galimoto zazikulu zija zokoka ndi mawilo onse anayi, monga Land Cruiser ndi Pajero. Izi ndizo zitifikira m'dzinja pamene misewu yasanduka matope. Ndizo zinyamula odwala athu usiku, ndi kutengera abusa ku mipingo ya kutali. Chifukwa chake nthenda ya galimoto yotere siili nkhani ya woyendetsa yekha iai, koma ya ife tonse amene tisonkha ndalama zoikonzera, ndi kuikizamo miyoyo yathu.

Nthenda imene tifuna kunena pano ndi iyi: galimoto yaima, woyendetsa aponda moto, koma iyo inyamuka mwaulesi monga nkhalamba podzuka pamphasa, ikayamba kuthamanga iyenda bwino ndithu. Ambiri aipeputsa nthendayi. Koma taganizani, abale, galimoto yotere polowa mumsewu waukulu pamphambano, lole ilikudza ndi liwiro. Kapena itaima pakati pa chitunda, m'katimo muli mayi woyembekezera. Pamenepo kuchedwa kwa kamphindi kukhoza kudzetsa maliro.

Kusukulu tiphunzitsa ana lamulo limene Isaac Newton analemba m'chaka cha 1687, lakuti chinthu choima chikhala chiimire kufikira mphamvu ina ichisuntha. Land Cruiser ilemera koposa matani 2 isanasenze kanthu, ndipo ponyamuka injini iyenera kusuntha kulemera konseko ikali kuzungulira pang'onopang'ono. Kotero chofooka chobisika chionekera pamenepo poyamba.

Tonse tidziwa ngolo. Ng'ombe zikakana kukoka, mnyamata wopusa athamangira mkwapulo. Koma mwini wanzeru atsika, nayang'ana ngati ng'ombe zadya, ngati goli liwawa, kapena wilo lamangika. Momwemonso ndi galimoto. Kupondereza moto ndiwo mkwapulo, ndipo kugula zitsulo zatsopano mongoyerekeza ndiko kutaya chuma cha mpingo. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Choyamba titchere khutu, pakuti kulira kwa injini kugawa mlandu pawiri. Ngati injini ibangula kwambiri koma galimoto siisuntha molingana, injiniyo ilibe chifukwa. Mphamvu itayika panjira yopita ku mawilo. M'galimoto ya magiya osintha ndi dzanja, kawirikawiri klachi yatha ndipo iterereka, nimveka fungo lopserera. M'galimoto yosintha yokha magiya, tiyang'ane mafuta a magiyawo: abwino akhala ofiira kawirikawiri, koma akachepa, kapena akada ndi kununkha kupsa, pamenepo pali mlandu.

Koma ngati injini yomwe izengereza, kutsokomola, kapena kufuna kuzima, tikumbukire kuti moto wake uli ngati wa pamafuwa: ufuna mpweya, nkhuni ndi choyatsira. Injini ya petulo imeza mpweya wolemera pafupifupi ka 15 kuposa petulo amene itentha. Tsono m'mwezi wa September ndi October, pamene fumbi lichuluka, sefa ya mpweya itsekeka msanga. Tiitulutse ndi kuiyang'anitsa padzuwa. Ngati kuwala sikupyola, yatha ntchito. Utsi wakuda wa galimoto ya dizilo unena zomwezo kawirikawiri, kuti mafuta achuluka koma mpweya wachepa. Pafupi ndi sefayo, m'galimoto zambiri za makono, muli kachipangizo koyeza mpweya wolowa. Kakada kanamiza injini. Katsukidwa ndi mankhwala ake okha, osati ndi nsanza kapena chala.

Nkhuni za injini ndizo mafuta. Dizilo kapena petulo wogula m'zigubu m'mbali mwa msewu adza nthawi zina ndi madzi ndi zinyalala, ndipo izi zitseka sefa ya mafuta. Galimoto zambiri za dizilo zili ndi kapopi pansi pa sefayo kotulutsira madzi. Choyatsira m'injini ya petulo ndiwo mapulagi, amene akatha moto uphonya. Koma dizilo ayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa, kotero pamenepo tisafune mapulagi otere.

Chatsala china chimene ambiri aiwala: galimoto ikhoza kudzigwira yokha. Itapyola m'matope, buleki ya dzanja kapena ya wilo limodzi ikhoza kukanirira. Titayenda pang'ono, tiyandikize dzanja ku wilo lililonse mosakhudza chitsulo; limene litentha koposa anzake ndilo lamangika. Tionenso mpweya wa matayala, ndiponso matumba a chimanga amene taunjika kumbuyo ndi padenga.

Zonsezi zikalephera, kapena kanyali ka injini kakayaka patsogolo pa woyendetsa, tisachite manyazi kupita kwa makaniko. Galimoto za makono zili ndi kompyuta yosunga mbiri ya zolakwa zake, ndipo pansi pa chiwongolero pali polumikizira makina owerenga mbiriyo. Koma makinawo aloza dera lokha la nthenda. Munthu ayenerabe kuyesa.

Potsiriza tipempha inu akulu a mpingo ndi a komiti, amene musunga thumba: makaniko akatchula mtengo wa chitsulo chachikulu, mumfunse mwaulemu kuti, "Bambo, mwayesa chiyani, ndipo mwapeza chiyani?" Mmisiri woona sakwiya ndi funso lotere, koma akondwera kuonetsa. Ndalama zija zinachokera m'mitanga ya amasiye ndi m'thukuta la alimi, ndipo ife tili adindo ake chabe. Tiyambe ndi zazing'ono zotsika mtengo, tipite mwadongosolo kufikira zazikulu, ndipo tisalole galimoto yodwala kunyamula wodwala.