Dzina pachikopa cha ng'ombe

Mpira wa baseball ndi kanthu kochepa, kokwana m'dzanja ngati lalanje, ndipo kulemera kwake sikupitirira magalamu 149. Kunja kwake ndi zikopa ziwiri zoyera za ng'ombe zolumikizidwa pamanja ndi ulusi wofiira, misoko 108. Pena pake mizere iwiri ya ulusiwo imayandikana n'kusiya kampata kosalala, kotalika ngati chala cha mkombaphala. Kampata kameneka, awerengi, kalemeretsa ena, kamangitsa ena. Ndi pomwe munthu wotchuka ku America amasainapo dzina lake.

Mwambowu ndi wakale. M'chaka cha 1910 pulezidenti William Howard Taft adaponya mpira wotsegulira ligi mumzinda wa Washington, ndipo wosewera wa timu ya kumeneko, Walter Johnson, adapempha kuti bwanayo ausaine. Babe Ruth wa New York Yankees, yemwe adamwalira mu 1948, ankasainira ana mipira yosawerengeka pamabwalo ndi m'zipatala. Pang'ono ndi pang'ono anthu adayamba kutambasulira mpira kwa aliyense wodziwika, wosewera kapena ayi. Mpira womwe Joe DiMaggio ndi Marilyn Monroe adasaina onse awiri mu 1961 udagulidwa pa okushoni mu 2006 ndi madola 191,200. Mu 2025, patangopita masiku ochepa chisankhidwire, Papa Leo XIV, mwana wa ku Chicago, naye adamupatsira mpira ndi cholembera, ndipo sadakane.

Ine za mipirayi ndidazidziwira kwa mlongo wanga, yemwe amasamalira okalamba ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, komwe kuli Amalawi ambiri ndithu. Kwa zaka zitatu adasamalira mdala wina yemwe pabalaza pake padali kabati yagalasi yodzaza mipira, uliwonse m'kabokosi kake.

"Achimwene, kuno kuli misala," adatero pafoni tsiku lina. "Agogowa mankhwala amaiwala, dzina la mpongozi wawo amaiwala, koma ndingoyandikira kabatiyo ndi kansalu kopukutira fumbi, maso tong'o! Ati ndisakhudze."

Mdalayo adamuphunzitsa malamulo ake. Posainitsa pamafunika bolopeni ya buluu, poti inki ya maka imalowerera m'chikopa n'kuyanga. Dzuwa limafufutitsa dzina, ndipo thukuta la m'manja limasiya mawanga achikasu. Choncho mpira ukangosainidwa, umpira wake wathera pomwepo: suponyedwanso, sumenyedwanso, ungokhala phee kudikira wogula.

Pomwe pagona ndalama afisi sachedwa kununkhiza. Tony Gwynn, katswiri wa San Diego Padres, adaona mipira ikugulitsidwa yokhala ndi dzina lake koma dzanja losakhala lake, ndipo adathandiza apolisi a FBI pakafukufuku yemwe adamutcha Operation Bullpen. Pa 13 October 1999 apolisiwo adachita chipikisheni m'nyumba ndi m'mashopu n'kulanda katundu wankhaninkhani. Mmisiri wa gululo, Greg Marino, ankatha kutengera dzanja la aliyense, wamoyo kapena wakufa, mpaka kufika polemba dzina la Mother Teresa pampira. Kuyambira mu 2001 ligi yaikulu ya Major League Baseball idaika mboni zake, zambiri mwa izo apolisi omwe aweruka kuntchito, zoti ziziona ndi maso wosewera akusaina kenaka n'kumata kachizindikiro konyezimira kokhala ndi nambala. Taonani pomwe zinthu zafika, inu: siginecha, yomwe ntchito yake n'kuchitira umboni, lero nayo ikufuna mboni.

Mdala uja atamwalira, ana ake adaitana katswiri wodziwa mitengo. Mipira yokhala ndi zikalata idapita ku okushoni. Udatsala umodzi wofiirira ngati fodya wa bale, dzina lake losawerengeka, wopanda chikalata chilichonse. Katswiriyo adati sungagule ngakhale buledi. Komatu ndiwo wokhawo womwe mdalayo ankautulutsa m'kabokosi n'kuufumbata usiku tulo tikasowa. Adamusainira ndi wosewera wa m'kaligi kakang'ono iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, madzulo ena bambo ake atamunyamula pakhosi kuti afikire pampanda. Nkhaniyo mlongo wanga adaimva kambirimbiri, ndipo anawo adamupatsa mpirawo. Atabwera kutchuthi adandiponyera pamiyendo.

"Sungani ndinu, achimwene. Paja inu mumadya dzina."

Sadaname. Ife olemba oyenda patokha tilibe ofesi, tilibe penshoni. Chuma chathu ndi kamzere kamodzi kaja pansi pa mutu wa nkhani. Dipuloma yanga ili m'sutikesi, ndakatulo sizilipira lendi, ndiye mwezi ukavuta ndimalembera anthu ena zokayankhula paukwati, pamaliro ndi pamsonkhano. Iwo amaomberedwa m'manja, ine ndili kumbuyo kwa tenti kuwerenga ndalama ya minibasi. Kusiyana kwanga ndi Greg Marino n'kwakuti ine eni mainawo amandituma okha. N'chifukwa chake ndikaugwira mpira uja ndimadzifunsa kuti wogula siginecha amagula chiyani kwenikweni. Inki yake ndi ya bolopeni wamba. Mipira yotere imapangidwa miyandamiyanda chaka chilichonse. Chomwe amalipira n'chakuti tsiku lina munthu uje adaima, adatenga kanthu aka m'dzanja lake, ndipo kwa kamphindi adali pano. Mdala wa ku South Bend adali nacho chimenecho chonse, poti pampandapo adalipo yekha. Wogula pa okushoni amagula kukumana kwa eni ake.

Nkhani yomwe imandikhudza kwambiri pa zonsezi ndi ya Shoeless Joe Jackson. Adayamba ntchito m'fakitale ya thonje ku South Carolina ali kamwana, sadaphunzire kulemba ndi kuwerenga, koma adakula n'kukhala mmodzi mwa omenya mpira oopsa m'mbiri ya masewerawa. Adaletsedwa kusewera kamba ka mlandu wogulitsa masewero a World Series a 1919 ali ku Chicago White Sox, ndipo dzina lake lidachotsedwa pamndandanda wa oletsedwa mu 2025, mwini wake atagona kale mu 1951. Okonda masewero akamutumizira makalata opempha siginecha, ankamusainira ndi mkazi wake Katie. Nthawi zochepa zomwe adagwira yekha cholembera ankachita kujambula dzinalo, chilembo chimodzichimodzi. Mu 2021 chithunzi chake cha 1911 chokhala ndi zilembo zonjenjemerazo chidagulidwa ndi madola 1.47 miliyoni. Chomwe chinkamuchititsa manyazi ali moyo ndicho chidakwera mtengo.

Katie ndimamumvetsa, poti kwathu Katie ndidali ine. Kuyambira ndili Sitandade 5 makalata a mayi anga ndinkalemba ndine, ndipo pofunika kusaina iwo ankadinda chala, nkhope itayang'ana kumbali. Atapitirira zaka makumi asanu adalowa sukulu ya kwacha. Tsiku lina ndidalandira kalata yolembedwa ndi mwana wa mnansi, koma pansi pake padali dzina lawo m'dzanja lawo, zilembo zisanu ndi chimodzi zotsamirana ngati nkhokwe zakale, bolopeni itaboola pepala pawiri. Palibe wapolisi adaonerera, palibe kachizindikiro konyezimira, ndipo kupatula ine ndi mlongo wanga palibe angalipire tambala. Mayi adatisiya chaka chotsatira. Kalatayo ndimaisunga m'sutikesi, pamwamba pa dipuloma, kutali ndi dzuwa.